Pamene Ufulu wa Mwini Munda Umalekezera: Malamulo a Malo, Madzi, Mitengo ndi Nyama Zakutchire

Unduna ukufuna kukumbutsa alimi, ochita malonda ndi anthu onse za malamulo amene amayendetsa kagwiritsidwe ntchito ka malo, madzi, mitengo ndi nyama zakutchire m'madera akumidzi. Mikangano yokhudza zinthu zimenezi kawirikawiri imayamba ndi mawu akuti "malo ano ndi anga", ndipo nthawi zambiri wonenayo sakhala akunama. Mundawo ndi wake ndithu, anausiya ndi makolo ake, ndipo anyakwawa akudziwa malire ake. Chimene ambiri sadziwa nchakuti malamulo a dziko lino amasiyanitsa nthaka ndi zinthu zina zimene zimapezeka pa nthakayo. Mtsinje wodutsa m'mphepete mwa munda uli ndi lamulo lake, mvuu yotuluka mumtsinjemo ili ndi lamulo lake, ndipo thumba la makala lochokera pa mtengo wa m'mundamo lilinso ndi lamulo lake.

Malo

Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 207, amanena kuti malo onse a m'Malawi ali m'manja mwa dziko. Pansi pa mfundo imeneyi pali malamulo a malo amene Nyumba ya Malamulo inavomereza m'chaka cha 2016, makamaka Land Act ndi Customary Land Act, omwe anawunikidwanso ndi kusinthidwa mu 2022. Lamulo lachiwirilo ndi limene limakhudza anthu ambiri akumudzi, chifukwa limalola munthu, banja kapena gulu kulembetsa malo a makolo ndi kulandira chikalata cha umwini. Ntchito yolembetsayi inayamba moyeserera m'maboma a Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, ndipo yachitikanso ku Chikwawa ndi ku Nsanje kudzera mu ntchito yaikulu ya ulimi wamthirira ya m'chigwa cha Shire.

Pa mudzi wa gulupu aliyense pamayenera kukhala komiti yoona za malo. Wapampando wake ndi gulupuyo, ndipo pamakhala anthu ena 6 osankhidwa ndi anthu a m'deralo, mwa iwo osachepera atatu akhale amayi. Mkangano wa malo umayambira kubwalo la mfumu yaikulu, ndipo wosakhutira angathe kukadandaula kubwalo la malo la paboma. Zosintha za 2022 zinaletsa kugulitsa malo a makolo ndipo zinakhwimitsa njira zopezera malo kwa anthu amene si nzika. Ochita malonda amene amagula malo kumudzi pongogwirana chanza ndi kulemberana kakalata ayenera kuzindikira kuti angataye ndalama zawo popanda kowadandaulira.

Si malo onse a m'mudzi amene angalembedwe m'dzina la munthu mmodzi. Madambo, malo odyetserako ziweto m'chilimwe, manda ndi nkhalango za m'mudzi ndi malo a anthu onse a m'deralo. Mfundo imeneyi si yachilendo, pakuti makolo ankadziwa kale kuti dambo silitchingidwa ndi mpanda. Lamulo langoilemba kuti iteteze osauka pamene malo akuchepa ndipo anthu a ndalama akuyang'ana malo achinyontho.

Madzi

Lamulo la Water Resources Act la 2013, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1969, limanena kuti madzi onse, kaya a mumtsinje, a m'nyanja, a m'dambo kapena a pansi pa nthaka, ndi a dziko. Lamuloli linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority kuti lizipereka zilolezo ndi kulondoloza amene akutunga madzi, kuchuluka kwa madziwo ndi malo amene akuwatunga.

Pano tiyenera kunena momveka bwino, chifukwa mphekesera zimasokoneza anthu. Palibe chilolezo chimene chimafunika kwa mayi wotunga madzi akumwa, ophikira kapena ochapira, kwa mnyamata womwetsa mbuzi ndi ng'ombe za pakhomo, kapena kwa banja lothirira kadimba ka ndiwo zapakhomo. Chilolezo chimafunika pamene madzi akutengedwa ochuluka kapena pofuna malonda: kuika injini kapena pampu yoyendera dzuwa pamtsinje kuti ithirire munda waukulu, kutchinga mtsinje ndi kupatutsira madzi m'ngalande, kumanga damu, kukumba mjigo, ndiponso kutaya madzi oipa ochokera m'fakitale kapena pa malo ena a ntchito. Okumba mijigo nawonso amayenera kukhala ndi chiphaso cha ntchito yawo. Kumene alimi ambiri amathirira kuchokera pa ngalande imodzi, monga m'masikimu a mpunga, chilolezo chimatengedwa ndi bungwe la ogwiritsa ntchito madzi m'malo mwa mlimi aliyense payekha.

Ena amafunsa chifukwa chake munthu ayenera kupempha madzi amene Mulungu amagwetsa kwaulere. Yankho lili kumunsi kwa mtsinje. Wotchinga madzi kumtunda mu Okutobala saona mayi wa kumunsi amene akukumba mchenga kuti apeze ndowa imodzi. Chilolezo chimathandiza kuti pakhale wina wowerengera onse otunga pa mtsinje umodzi, ndipo chimatetezanso mwini wake: mlimi amene ali ndi chilolezo ali ndi ponenera pamene munthu wina wamphamvu wabwera kudzaika pampu yaikulu kumtunda kwake.

Nyanja ya Chilwa ndi chitsanzo chimene anthu a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe safunika kuuzidwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosazama, ndipo imadalira mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Inauma mu 1995 ndipo inaphwanso kwambiri mu 2018. Chilala ndicho chimayambitsa, koma kudula mitengo kumene mitsinjeyi imayambira ndi kupatutsa madzi mosawerengera kumafulumizitsa kuumako. Nyanja ikaphwa, amene amavutika si asodzi a matemba okha. Ovutika enanso ndi amayi owamba nsomba, oyendetsa mabwato, a kabaza ndi ogulitsa m'misika ya kutali. Chilwa pamodzi ndi dambo la Elephant Marsh ku chigwa cha Shire, lomwe linalembedwa mu 2017, ndi malo awiri a dziko lino amene ali pa mndandanda wa pangano la mayiko la Ramsar loteteza madambo.

Nkhani imene imavuta kwambiri kuifotokozera alimi ndi ya kulima m'mphepete mwa mtsinje. Malamulo a madzi amafuna kuti pakhale mpata wosalimidwa pakati pa munda ndi gombe, ndipo kukula kwa mpatawo kumatengera kukula kwa mtsinje. A ofesi ya zamadzi ndi alangizi a zaulimi ndiwo amathandiza kuupima. Tikudziwa kuti nthaka ya pagombe ndi imene imabereka chimanga chachiwisi, tomato ndi mpiru pamene minda ya kumtunda yauma, ndipo banja lokhala ndi malo ochepa limaona ngati likulandidwa nsima pakamwa. Komabe mizu ya bango, nsenjere, nsungwi, mikuyu ndi mibawa ndi imene imagwira gombe. Ikachotsedwa, madzi a mvula yoyamba amagumula gombelo, ndipo m'zaka zochepa mtsinje umadya dimba lomwe lija. Mpatawo sutanthauza malo ogona: mlimi angathe kudzalamo nsenjere zodyetsa ziweto, nsungwi, vetiva ndi mitengo ya zipatso, kapena kupachikamo ming'oma ya njuchi.

Dothi lokokoloka silithera pamudzi. La m'zigwa zothira mu Shire limakafika ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kumapangidwa magetsi ambiri a dziko lino, ndi ku Walker's Ferry, kumene mzinda wa Blantyre umapopa madzi ake. Matope akadzaza malo amenewa, chigayo cha pamsika chimaima ndipo wowotcherera zitsulo amakhala tsiku lonse manja ali m'thumba. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lonse linaona kutalika kwa mdima umene mtsinje umodzi ungabweretse.

Kuthira katupe kapena mankhwala a m'munda m'madzi pofuna kupha nsomba ndi mlandu, monganso kuwedza ndi masikito. Alimi a thonje ndi a ndiwo zamasamba apewenso kutsukira mipope yopoperera mankhwala mumtsinje.

Mitengo ndi makala

Lamulo la Forestry Act la 1997 lili ndi mbali imene alimi ambiri saidziwa ngakhale ili yowakomera. Munthu kapena mudzi umene wadzala mtengo, kapena wasamalira mtengo wachilengedwe pa malo amene uli ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, ndiwo mwini mtengowo, ndipo ungathe kuukolola mosamala. Mlimi wosiya misangu m'munda mwake kapena wosamalira ziphukira za pa zitsa asaope kuti boma lidzabwera kudzamulanda. Mudzi ungathenso kupatula nkhalango yake ndi kusankha komiti yoiyang'anira.

Makala ndi nkhani ina. Kuwotcha makala kumafuna chilolezo ngakhale mitengoyo ili pa malo a makolo, ndipo chilolezocho chimaperekedwa kwa amene wasonyeza kuti ali ndi mitengo yokololedwa m'njira yoti idzamerenso. Kusintha kwa lamuloli mu 2020 kunakweza zilango ndipo kunaphatikiza onse a mumzere wa malondawa: wowotcha, wonyamula, wosunga ndi wogulitsa. Wopezeka wolakwa angalipitsidwe chindapusa cha K5 miliyoni ndi kukhala kundende mpaka zaka 10, ndipo khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti galimoto yonyamulira ilandidwe. Eni malole ndi maminibasi adziwe zimene madalaivala awo akunyamula pobwerera. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira usanafike ku madamu a Kamuzu ku Malingunde, inafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukaiteteza. Mpopi wa mumzinda ndi ng'anjo ya makala ya m'phiri zimadalira mtengo umodzimodzi.

Nyama zakutchire

Lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992 limaika umwini wa nyama zakutchire m'manja mwa mtsogoleri wa dziko m'malo mwa Amalawi onse. Dziko lino lili ndi malo akuluakulu 5 osungirako nyama, omwe ndi Nyika, Kasungu, Liwonde, Lengwe ndi Lake Malawi, ndiponso nkhalango 4 zotetezedwa za nyama: Vwaza, Nkhotakota, Majete ndi Mwabvi. Kulowa m'malo amenewa popanda chilolezo, kutcheramo makhwekhwe, kulimamo, kudyetsamo ziweto kapena kuyatsamo moto ndi milandu. Koma chitetezo cha nyama sichithera pa waya wa mpanda. Nyama yotetezedwa imakhalabe yotetezedwa ngakhale itapezeka pakati pa munda wa munthu.

Kusintha kwa lamuloli mu 2017 kunaika nyama m'magulu malinga ndi chiopsezo chakuti zingathe. Pa gulu lapamwamba pali nyama monga njovu, chipembere ndi ngaka, ndipo wopezeka akupha, kusunga, kugula kapena kugulitsa nyama zimenezi kapena ziwalo zake angakhale kundende mpaka zaka 30 popanda mwayi wolipira chindapusa. Ngaka ndi imene ikulowetsa anthu wamba m'mavuto. Kale munthu akaipeza ankaipititsa kwa mfumu. Lero pali anthu oyendayenda m'midzi olonjeza ndalama zambiri, ndipo amene amagwidwa nayo m'thumba kawirikawiri ndi mlimi, osati wolonjezayo. Mukapeza ngaka, isiyeni ipite, kapena dziwitsani apolisi kapena a nthambi yoona za nyama zakutchire. Ogulitsa kanyenya ndi eni malo odyera akumbukirenso kuti kugula nyama yam'tchire kwa munthu wopanda chiphaso ndi mlandu kwa wogula yemwe.

Pali mbali ya nkhaniyi imene sitingaibise. Anthu okhala m'malire a malo osungirako nyama ndiwo amasenza katundu wolemera wa chuma chimene chili cha dziko lonse. Njovu ingathe kumaliza usiku umodzi munda umene banja lalima miyezi inayi, ndipo ng'ona ndi mvuu zapha anthu m'mbali mwa Shire ndi m'nyanja. Kusamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndi zina 263 kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022, kunachepetsa kuthithikana kumene zinachoka, koma kunabweretsa ntchito yatsopano ya mipanda ndi ulonda kumene zinafika. Lamulo limalola munthu kudziteteza, kapena kuteteza mnzake, pamene nyama yaika moyo pachiswe ndipo palibe njira ina. Wochita zimenezi ayenera kukanena msanga kwa akuluakulu a zanyama kapena kupolisi, ndipo nyamayo, chikopa chake ndi minyanga yake zimakhala za boma. Kusunga chiwalo chilichonse kumasandutsa kudziteteza kukhala mlandu. Nyama ikayamba kuvutitsa m'mudzi, njira yoyenera ndi kuitana alonda a nthambi ya zanyama kuti adzaithamangitse kapena kuipha ngati nkofunika, osati kutchera msampha kapena kuika poizoni, zomwe zimaphanso agalu, ziweto ndi miimba.

Lamulo lomweli limatsegulanso khomo kwa anthu oyandikana ndi malowa. Kudzera m'makomiti a zachilengedwe a m'midzi, anthu amapatsidwa chilolezo cholowa pa nyengo zoikika kukamweta udzu wofolera, kupachika ming'oma kapena kutola zinthu monga bowa ndi mphalabungu, ndipo gawo la ndalama zimene alendo amalipira limabwerera ku chitukuko cha midzi yozungulira. Chilolezo chotere chimatchula tsiku, malo ndi chinthu chokatengedwa, ndipo wolowa amayenda motsogozedwa ndi alonda.

Aliyense amene akukonza ntchito yaikulu, monga kutsegula esiteti, kumanga damu, kukumba miyala kapena mchenga wogulitsa, ayambe wafunsa ngati ntchitoyo ikufunika kuunikidwa kaye ndi bungwe la Malawi Environment Protection Authority, malinga ndi lamulo la Environment Management Act la 2017. Poyambira pa mafunso onse ndi ku khonsolo ya boma lanu, kumene kuli maofesi a zamalo, zamadzi, zankhalango ndi zachilengedwe pansi pa bwanamkubwa. Popita kumeneko tengani chiphaso cha unzika, kalata ya mfumu yosonyeza malo amene mukunena, ndi chikalata cha malowo ngati munalembetsa kale. Ndalama iliyonse yolipirira chilolezo iperekedwe ku ofesi, ndipo mulandire lisiti ya boma.