Mendulo Ikasiyana ndi Pepala Lake

Anthu otolera mamendulo a nkhondo akagwira mendulo sathamangira kuona nkhope ya mfumu. Amayamba aipendeketsa n'kuwerenga m'mphepete. Pa British War Medal ndi Victory Medal, amene Britain inapereka itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, m'mphepetemo anadindamo nambala ya msilikali, udindo wake, dzina lake ndi gulu lake. Tizilembo timeneti ndi pamene kafukufuku amayambira.

Wofufuza akapeza nambala amalondola mapepala. Ku National Archives ya ku Kew, mu London, kuli makhadi a mamendulo m'gawo la WO 372 ndi mabuku a mayina m'gawo la WO 329, osonyeza kuti uje anayenera kulandira chakuti. Mphoto za kulimba mtima zinkalengezedwa mu London Gazette, ndipo makalata amene akuluakulu a asilikali ankalemba pomupemphera munthu mphoto, kuyambira 1935, ali m'gawo la WO 373. Mendulo imangoti munthuyu anali kunkhondo, koma kalata yotere imatchula malo ndi zimene anachita.

Pa nkhondo yachiwiri Britain inasiya kudinda mayina pa mamendulo a onse opita kunkhondo, ngakhale South Africa inkadinda pa ake. Choncho Burma Star ya msilikali wa King's African Rifles wochokera ku Nyasaland, amene anamenya nkhondo m'chigwa cha Kabaw mu 1944, siisiyana ndi ina iliyonse. Chimene chimaimangirira kwa mwini wake ndi kabuku kotulukira usilikali kapena pepala lina lokhala ndi nambala yake. Banja likagulitsa mendulo, pepala n'kutsala m'sutikesi mpaka chiswe kulidya, palibenso amene angabweze dzina pa nyenyeziyo.

Mapepalawa amaulula chinanso: amene boma linawawerenga ndi amene linawadumpha. British War Medal inali ya siliva, koma ogwira ntchito zamanja a ku China, India ndi Malta anapatsidwa ya mkuwa. Amuna a South African Native Labour Corps ochokera ku Basutoland, Bechuanaland ndi Swaziland analandira ya mkuwayo, pamene anzawo akuda a mu South Africa momwemo boma lawo linawamana. Gululi ndi lomwe linataya anthu oposa 600 pamene sitima ya Mendi inamira pa 21 February 1917 ikupita ku France. Wotolera angasakesake mendulo ya wopulumuka wa ku Transkei, koma sadzaipeza chifukwa sinasulidwe n'komwe.

Ku Nyasaland nakonso asilikali a nkhondo yoyamba anali pafupifupi 19,000, pamene amtengatenga, osenza chakudya ndi zipolopolo pamutu, anali pafupifupi 200,000. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondoyo, ambiri mwa iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo. Pamene pepala palibe pamatsala pakamwa pa anthu. Melvin Page anacheza ndi okalamba a m'Malawi m'zaka za m'ma 1970, ndipo mawu awo ndiwo msana wa buku lake la The Chiwaya War.

N'chifukwa chake wotolera wabwino amayesedwa ndi mmene amasamalira mapepala. Salekanitsa mamendulo a munthu mmodzi kuti apindule pogulitsa imodziimodzi, ndipo sakwecha m'mphepete mpaka zilembo kufufutika. Inunso ngati mendulo ya agogo ili m'nyumba, lembani nambala yake, jambulani mapepala onse, ndipo funsani akuluakulu akadali moyo dzina limene agogowo analembetsa kuusilikali, pakuti alembi achitsamunda ankalemba mayina monga anawamvera, ndipo dzina la m'kaundula nthawi zina silikhala la kumudzi.