Ameneyu Ndiye Ndinamuona

Ife a kwa Mwadzama oyimba tinkangowamvera pa wailesi. Evison Matafale anamwalira ali m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001 ndisanamuone ndi maso, ndili mwana wa pulayimale ku Benga. Zinandiwawa. Nditakula ndinalumbira kuti wina asadzapitenso choncho.

Ndalama ya usipa inandifikitsa ku Senga Bay, ku Sand Music Festival imene Lucius Banda anayambitsa mu 2010. Soja atayamba Mabala, akuluakulu amene ndinaima nawo anasiya kuvina, wina nkumapukuta misozi. Apo mpamene ndinamvetsa zimene makolo athu ankanong'ona nthawi ya Kamuzu.

Soja anatisiya pa 30 Juni 2024. Koma ameneyu, abale, ndinamuona.