Nyanja Imene Imapita ndi Kubwerera

Pamene sitima ya amishoni yotchedwa Ilala inalowa m'nyanja ya Malawi m'chaka cha 1875, inadzera mumtsinje wa Shire, pakuti madzi anali okwanira. Zaka makumi anayi pambuyo pake njira imeneyo inatsekeka. Nyanja inaphwa kufikira pafupifupi mamita 469 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, mchenga ndi mabango zinatseka pakamwa pa Shire, ndipo kuyambira 1915 mpaka 1935 nyanja inaleka kuthira madzi mumtsinjewo. Malombe anauma, anthu nalima chimanga pamene kale ankaponya makoka.

Mbadwo wathunthu unakula ukuyesa kuti mtunda umenewo ndi wake. Madzi atabwerera m'zaka za m'ma 1930 anatenga minda ya m'Malombe, natsikiranso ku Chigwa cha Shire kumene anameza madimba a Amang'anja. Komabe msodzi wa nthawi imeneyo sanali kutaya zambiri. Nyumba yake inali ya mitengo, bango ndi udzu. Madzi akafika pakhomo, ankazula nsichi, nakoka bwato lake, nakapempha malo kwa mfumu chakumtunda. Malowo analipo.

Chimene chasintha kwambiri si nyanja ayi, koma kakhalidwe ka anthu m'mphepete mwake. Mu 1965 boma linamanga chotchingira madzi cha Kamuzu Barrage ku Liwonde, kuti Shire asaphwenso ndi kuzimitsa makina opangira magetsi a ku Nkula. Mu 1980 nyanja inakwera kufika mamita 477, koma itabwerera m'zaka zachilala za m'ma 1990, ambiri anaiwala. Gombe linagulitsidwa. Panamangidwa nyumba za njerwa, malo ogona alendo ndi mipanda, zinthu zimene munthu sangasenze pamutu. Midzi ya asodzi inapanikizika pakati pa madzi ndi malo a eni ake.

Choncho mu 2024, nyanja itadutsanso mamita 476, mafunde a mwera anagumula makoma ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, ndipo mabanja ambiri anasowa kosunthira. Ena anadandaula kuti zitseko za ku Liwonde zitsekulidwe kotheratu. Koma madzi ochoka ku Mangochi sathera panjira: amakafika ku Chikwawa ndi Nsanje, kwa anthu amene anali asanapole mabala a namondwe wa Freddy wa mu 2023.