Za Citsulo ca m'Khosi ndi Makina a MRI

Khosi ndilo lisenza nchito yambiri ya pamudzi. Mkazi wotsika mapiri a Misuku ndi dengu la khofi pamutu, mnyamata wa kabaza wothamanga ndi njinga yamoto pa mseu wa ku Karonga, mwamuna wokwera padenga kukafolera nyumba, onsewa moyo wao uli pa timafupa 7 timene tilumikiza mutu ndi thupi. Masiku ano alipo abale athu amene anathyoka khosi, kapena linawafooka ndi ukalamba, ndipo madotolo anamanga mafupawo ndi citsulo, nabwera kwao ali amoyo. Zitapita zaka, dzanja liyambanso kucita dzanzi, ndipo dotolo ati, Mukajambulidwe pa makina a MRI. Pomwepo munthu agwidwa ndi mantha, pakuti anamva kuti m'makinamo muli maginito amphamvu okoka citsulo ciri conse. Ndipo afunsa, Kodi sadzandizula citsulo canga m'khosimu?

Ife sitimseka munthu wotere, pakuti funso lace liri lanzeru, ndipo madotolo omwe analifunsa zaka zambiri. Koma kuti tiliyankhe, tiyenera kutsata mbiri ya nzeru ziwiri zimene zinakula pa zokha, nizikomana mocedwa: nzeru ya kumanga mafupa, ndi nzeru ya kuona m'kati mwa munthu wamoyo.

Tiyambe ndi khosi lomwe. Pakati pa pfupa ndi pfupa linzace pali kanthu kofewa konga nkhata, ndipo kumbuyo kwace, m'ngalande ya mafupa, muyenda mtsempha waukuru woturuka ku bongo, umene utuma manja ndi miyendo. Pfupa likasendekera, kapena nkhatayo ikaphulika ndi kukanikiza mtsemphawo, munthu amva dzanzi ndi kuwawa m'mkono, ayamba kutaya khasu, ndipo zikakula afa ziwalo.

Kale panalibe dotolo wokhoza kuona zimenezi. Tikumbuka kuti pamene mtembo wa Dr. David Livingstone unafika ku London m'caka ca 1874, nkhope yace inali yosazindikirika. Ndipo Sir William Fergusson anauzindikira poyang'ana pfupa la mkono wamanzere, limene mkango unatafuna ku Mabotsa m'caka ca 1844, losalumikizana bwino kufikira imfa yace. Zaka 29 munthuyo anayenda nalo pfupa lija, ndipo panalibe analiona ali moyo. M'mdima womwewo munali Dr. Berthold Hadra wa ku Texas, amene m'caka ca 1891 anang'amba khosi la munthu wothyoka, namanga mafupa awiri ndi waya wasiliva. Kumeneko ndiko kuyamba kwace kwa citsulo m'khosi. Zitapita zaka 4, m'caka ca 1895, Wilhelm Röntgen wa ku Germany anapeza kuwala kwa X-ray, najambula dzanja la mkazi wace, mafupa ndi mphete zirikuoneka. Taonani kuti kuyambira cithunzi coyamba cija citsulo cinaonekera bwino, koma mnofu ndi mitsempha zinakhala ngati nkhungu.

Waya sukhalitsa, umasuka, uduka. Cifukwa cace m'caka ca 1911 madotolo awiri a ku New York, Russell Hibbs ndi Fred Albee, pociritsa anthu a cifuwa cacikuru ca m'msana cimene cicititsa linunda, anayesa njira yina: kuti mafupa okha amerane, nakhale pfupa limodzi, monga mlimi amezanitsa nthambi ya lalanje pa tsinde la ndimu. M'caka ca 1955 Robinson ndi Smith a ku Baltimore, ndi m'caka ca 1958 Ralph Cloward wa ku Hawaii, anaonetsa kuti khosi lifikika bwino kudzera kutsogolo, pambali pa kholingo: acotsa nkhata yoonongeka, naika m'malo mwace kapfupa kotengedwa m'ciuno mwa mwini wace. Koma kapfupako nthawi zina kanali kusuntha kasanamere; cotero kuyambira caka ca 1970 anayamba kuonjeza kacitsulo kophwatalala patsogolo pa mafupawo, kogwidwa ndi misomali yopotera. Nchito yace ndiyo yomwe ya timitengo timene akuru akale anali kumanga pa mwendo wothyoka: kugwira kufikira pfupa litagwirana. Kusiyana kwace nkwakuti timitengo amasula, koma kacitsuloko kawirikawiri akasiya momwemo moyo wonse.

Tsono apa pali cinthu coti tigwiritse. Ife tichula zonse kuti citsulo, khasu ndi ndowa ndi waya wa magetsi. Koma siziri za mtundu umodzi ai. Ana athu adziwa ici, pakuti akacotsa maginito m'wailesi yakufa, aona kuti agwira msomali, koma mphika wa aluminiyamu saugwira. Zitsulo zoyamba za m'khosi zinali za mtundu wosacita dzimbiri, umene uli ndi citsulo ca khasu m'kati mwace, cinkana casanganizidwa kotero kuti maginito sacikoka kwenikweni. Pambuyo pace panadza titaniyamu. M'caka ca 1952 Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden anaika kacipangizo ka titaniyamu m'mwendo wa kalulu, ndipo pofuna kukacotsa anapeza kuti pfupa lakamatira, kosacoka. M'caka ca 1986 Erwin Morscher wa ku Basel anaturutsa kacitsulo ka m'khosi ka titaniyamu, ndipo lero ndiyo madotolo akonda kumanga nayo khosi. Titaniyamu siimva maginito.

Nzeru yinayo inali kukula kwina. Thupi la munthu liri madzi ambiri, ndipo m'madzimo muli tinthu tating'onoting'ono timene tikhala ngati timaginito tosokonezeka. Munthu akagona m'kati mwa maginito akuru, timaginitoto tifola mzere. Pamenepo makina atumiza mafunde onga a wailesi, natigwedeza. Ndipo pobwerera pa mzere tiyankha, mnofu ndi mau ace, mafuta ndi mau ace, mtsempha ndi mau ace. Kompyuta imva mauwo, niwasandutsa cithunzi. Paul Lauterbur wa ku America anaonetsa njira imeneyi m'caka ca 1973, Peter Mansfield wa ku Nottingham naifulumizitsa, ndipo m'caka ca 1980 ku Aberdeen, m'dziko la Scotland, anajambula wodwala napeza nthenda yace. Awiri oyambawo analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2003. Mtsempha wa m'khosi, umene X-ray inalephera kuuonetsa zaka 80 ndi mphambu, unaoneka tsopano poyera.

Koma mantha a anthu sanacokere pacabe. Maginito a makina ambiri aposa mphamvu imene itembenuza singano ya kampasi ka 30,000, ndipo sagona, ngakhale magetsi atazima. M'caka ca 1986 madotolo analemba za munthu wogwira nchito ya zitsulo amene diso lace linafa m'makinamo, cifukwa ca kacidutswa kamene kanalowa m'disomo kale, iye ataiwala. M'caka ca 1993 analemba za wina amene anamwalira pamene kopanira kakale ka pa mtsempha wa mwazi m'mutu mwace kanatembenuka. Ndipo m'caka ca 2001, pafupi ndi New York, mwana wa zaka 6 anafa pamene botolo lacitsulo la mpweya linauluka m'cipinda, nilimkantha pamutu. Nkhani zimenezi ziri zoona, ndipo sitifuna kuzicepetsa. Koma tiziyang'ane bwino. M'zonsezi cimene cinapweteka munthu cinali citsulo comva maginito, cosamangika kolimba, ndipo panalibe anacizindikira nthawi isanathe. Kacitsulo ka titaniyamu kopoteredwa m'pfupa kasiyana nazo pa zonse zitatu. Cotsala cimene madotolo ayang'anira ndico kutentha, pakuti mafunde aja akhoza kufunditsa citsulo; koma ca m'khosi ciri cacifupi, ndipo kufunda kwace kuli kwakung'ono makina akayendetsedwa monga mwa malangizo a amene anacipanga. Kuyambira caka ca 2005 zipangizo zoikidwa m'thupi zigawidwa patatu: zosaopsa konse, za cizindikiro cobiriwira, zololedwa pa malamulo ace, za cizindikiro cacikasu, ndi zoletsedwa, za cizindikiro cofiira. Zitsulo za m'khosi za masiku ano zikhala pa gawo lapakatilo. Cifukwa cace wojambula afunsa dzina la citsulo. Safunsa cifukwa ca kukaika moyo wa munthu, koma kuti adziwe malamulo amene ayenera kutsata.

Makina amenewa anafika kwathu kuno m'caka ca 2008, pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre. Sanadzere makosi ai, koma ana a malungo a m'bongo. Dr. Terrie Taylor wa ku Michigan State University, amene anagwira nchito pa ana otere kuyambira zaka za m'ma 1980, ndiye anawafunafuna, kampani ya General Electric niiwapanga, ndipo Dr. Sam Kampondeni ndiye anali kuwerenga zithunzi. M'caka ca 2015 anabukitsa cimene anapeza: mwa ana 168 amene anawajambula anamwalira 25, ndipo 21 mwa iwo bongo wao unali wotupa kwakukuru. Nthawi zina makinawo anali kujambula odwala ena, a misana ndi makosi omwe. Koma munthu wa ku Nthalire kapena kwa Kameme anali kutali nao. Kucokera pa boma la Chitipa, limene kale analichula Fort Hill, kufika ku Blantyre pali makilomita oposa 900. Ndipo caka cimene makina anafika, mseu wa makilomita 101 wotsikira ku Karonga unali wafumbi ndi matope, tara wace anatha pofika 2013. Njira yafupika pang'ono, ndipo m'caka ca 2023 anatsegula ku Lilongwe cipatala ca LION ca mafupa ndi bongo; komabe ulendo wotere udya ndalama za khofi wa caka conse. Kubwezedwa pakhomo cifukwa ca kusadziwa dzina la citsulo, ndiko kutaya kwakukuru.

Latsala funso laciwiri, limene odwala saliganiza koma madotolo alidera nkhawa koposa: kodi cithunzico cidzaoneka? Citsulo cingakhale cosakokeka, cikhotetsa mphamvu ya maginito pafupi pace, monga ndodo yobviikidwa m'madzi ioneka yothyoka iri yolunjika. Pa cithunzi pakhala banga lakuda, m'mphepete mwace moyera, ndipo zoyandikana nalo zipindika. Citsulo cakale cosacita dzimbiri cicita banga lalikuru, lokhoza kuphimba mtsempha wonse pamalopo. Titaniyamu icita laling'ono. Ndipo timabokosi ta pulasitiki wolimba timene ena aika m'malo mwa nkhata siticita banga kwenikweni. Coopsa cace nkwakuti bangalo likhoza kunama, nkuoneka ngati mtsempha wapanikizika pamene uli bwino. Cifukwa cace cithunzi cotere cifuna wowerenga wozolowera.

Pali cinthu cina cimene cinatidabwitsa pocimva. Tiyesa kuti makina amphamvu koposa ndiwo aona bwino nthawi zonse. Koma pafupi ndi citsulo sizitero. Mphamvu ya maginito ayesa ndi muyeso wochedwa tesla. Makina a matesla 3 akulitsa banga kuposa a 1.5, ndipo aja anafika ku Blantyre, a 0.35 okha, amene maiko olemera angawayese ofooka, ali a mtundu umene citsulo ciusokoneza pang'ono. Ojambula aphunziranso kusintha kayendetsedwe ka makina kuti banga licepe. Ndipo kawirikawiri cimene dotolo afuna kuona siciri pa citsulo pomwe, koma pamwamba kapena pansi pace. Pakuti mafupa awiri akamerana saweramanso, ndipo anansi ao asenza katundu woonjezeka. M'caka ca 1999 Dr. Alan Hilibrand ndi anzace, atatsata odwala 374, anawerengera kuti munthu 1 mwa 4 amva bvuto pa malo oyandikana zisanathe zaka 10. Malo amenewo aoneka bwino. Bangalo likaphimba cofunika, kapena dotolo akafuna kudziwa ngati pfupa lamera ndi misomali iri m'malo, atuma munthu ku X-ray kapena ku makina a CT.

Akuru anati, Safunsa anadya phula. Wocitidwa opaleshoni ya khosi, kaya kuno, kaya ku Tanzania, ku South Africa kapena ku India, asaturuke m'cipatala asanapemphe kuti amlembere m'buku lace la kucipatala caka, mafupa amene anamangidwa, mtundu wa citsulo ndi kampani imene inacipanga. Ndipo bukulo alisunge pouma, posafika ciswe. Tsiku la kujambulidwa adzamfunsa za zitsulo zina, ndipo apa abale athu ooceza zitsulo pa boma, osula makasu, ndi nkhalamba zimene zinagwira nchito m'migodi ya ku Zambia ndi ku Joni, akumbukire bwino ngati kacidutswa kanalowapo m'diso. Msilikari anene za cipolopolo, ndi wa kamakina kothandiza mtima kugunda anene msanga asanalowe pakhomo. Wokaika amyamba ndi X-ray. Pamenepo abvula lamba, ndolo, mapini a m'tsitsi ndi cithumwa comwe ngati ali naco, asiya makiyi ndi ndalama kunja, nagona cagada. Amtseka m'makutu, pakuti makinawo agogoda ngati osula ambiri pamodzi, nampatsa kampira m'dzanja koti afinye akamva kutentha. Kujambula khosi kutenga ngati theka la ora, ndipo amuuza kuti asagwedeze mutu, ndi kuti malobvu ameze pokhapo makina atakhala cete.