Chikwanje

Chikwanje ndi mpeni waukulu wodulira nsungwi, bango ndi mitengo ya nandolo, mbewu imene alimi ambiri a ku Phalombe amadalira. Ubwino wake wagona pa chitsulo. Cholimba mopitirira chimabenthuka chikagunda mwala, ndipo miyala siyisowa m'minda ya m'tsinde mwa phiri la Michesi. Chofewa chimabuntha msanga, mwiniwake n'kumangokhalira kunola. N'chifukwa chake osula amakonda sipuling'i ya galimoto, yomwe imapindika n'kubwerera. Ena amati chikwanje cholemera ndicho chimadula bwino. Pa mtengo waukulu n'zoona, koma imeneyo ndi ntchito ya nkhwangwa; pa nandolo kulemerako kumangotopetsa mkono. Chitsulocho chiyeneranso kulowa m'chigwiriro chonse n'kukhomedwa ndi misomali, apo ayi chimazuka ntchito ili mkati.