Kuchuluka kwa Ana M'kalasi ndi Mphamvu za Aphunzitsi ku Dowa ndi Ntchisi

Maboma a Dowa ndi Ntchisi ali m'chigawo cha zamaphunziro cha Central East pamodzi ndi Kasungu, Nkhotakota ndi Salima. Sukulu zidafika msanga m'mapiri amenewa: amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adakhazikika ku Mvera m'chaka cha 1889 ndi ku Kongwe mu 1894, komwe lero kuli sekondale ya Robert Blake. Koma ngakhale mbiri ili yotero, sukulu zambiri za pulaimale m'maderawa zikulimbanabe ndi mavuto awiri omwe amayendera limodzi: ana ochuluka m'kalasi, ndi mpata wochepa woti mphunzitsi asinthe kaphunzitsidwe molingana ndi ana ake.

Vuto loyambali lidakula m'chaka cha 1994, boma la Pulezidenti Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere a pulaimale. Chiwerengero cha ophunzira m'dziko muno chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma lidalemba aphunzitsi zikwizikwi osapita ku koleji, omwe adadzaphunzitsidwa ali kale pa ntchito kudzera mu ndondomeko ya MIITEP kuyambira 1997. Kumanga midadada sikudayende pa liwiro lomwelo, ndipo m'zaka za m'ma 2010 chipinda chimodzi chophunziriramo chinkagwa pa ana oposa 100 m'dziko lonse, pomwe cholinga cha boma ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 770,000 ku Dowa ndi oposa 310,000 ku Ntchisi. Kuthithikana kumaonekera kwambiri mu sitandade 1 ndi 2, momwe ana ambiri amabwereza kalasi, ndipo ena amaphunzirira pansi pa mtengo, kotero kuti mvula ikagwa maphunziro amaima. Kagawidwe ka aphunzitsi nakonso sikofanana. Ambiri amakonda sukulu za pafupi ndi malo a malonda monga Mponela ndi Madisi, pomwe za kumapiri, kosowa nyumba za aphunzitsi ndi misewu yodutsika m'dzinja, zimatsala ndi aphunzitsi ochepa.

Vuto lachiwiri likukhudza amene amalamula zochitika m'kalasi. Silabasi ndi mabuku zimakonzedwa ndi bungwe la Malawi Institute of Education ku Domasi, mayeso a sitandade 8 amachokera ku MANEB, ndipo alangizi a zamaphunziro, ma PEA, amayendera sukulu kuchokera m'malo ophunzitsirako aphunzitsi a m'mazoni. Silabasi ya PCAR, yomwe idayamba mu 2007, idafuna kuti mwana aliyense azitenga mbali ndi kuyesedwa pafupipafupi, ntchito yovuta kwa mphunzitsi wa ana 100. Ndondomeko yophunzitsa kuwerenga ya National Reading Programme ya mu 2016 idabweretsa mabuku olongosola phunziro lililonse mwatsatanetsatane. Izi zimathandiza mphunzitsi watsopano, koma zimachepetsa nthawi yobwerera m'mbuyo kukathandiza mwana wotsalira.

Mphamvu zina zidatsitsidwa kumunsi kutsatira lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998. Kudzera m'thumba lotukulira sukulu, komiti ya sukulu ndi makolo amasankha okha zofunika kugula kapena kukonza, ngakhale ndalamazo sizikwanira kumanga mdadada.

Lamulo la zamaphunziro la 2013 lidati mwana aliyense ayenera kupita ku sukulu ya pulaimale. Kwa makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, kukwaniritsa lamuloli kukudalira kwambiri kutumiza aphunzitsi ku sukulu zakutali, kuwamangira nyumba, ndi kuika aphunzitsi okwanira m'makalasi oyamba, momwe mwana amaphunzirira kuwerenga.