Kuchokera pa chiwondo kufika pa foni: mbiri ya utelala ku Chipata

Mu Nabvutika, imodzi mwa makomboni aakulu a mzinda wa Chipata, telala sasowa. Ena ali m'tizipinda ta pamsika, ena pakhonde la nyumba, makina kutsogolo, foni pambali. Wosoketsa wa masiku ano sachulutsa mawu. Amangotulutsa foni, kuonetsa diresi imene waiona pa Facebook kapena TikTok, n'kufunsa ngati a telala angaikwanitse ndi chitenje cha mamita 6 chimene wabwera nacho. Ntchitoyi yatha zaka zoposa 100 kuno, koma luso lopanga chovala ndi lakale kuposa tauni yeniyeniyo.

Makolo athu Achewa ndi Ansenga ankavala chiwondo. Bambo ankapita kuthengo kukasenda khungwa la mombo, n'kupala kunja kokhakhalako, chotsalacho n'kuchiviika m'madzi kuti chifewe. Akatero ankachiyala pachipika n'kumachisula ndi chibonga chokhala ndi mizere, pang'onopang'ono, mpaka chitambasuke ndi kupyapyala. Woombetsa ankaboola nsalu, wamantha ankatulutsa chinthu chokandapala chosavalika. Kuchigwa cha Zambezi ndi Shire anthu ankalimanso thonje lawolawo, ndipo mu 1859 David Livingstone anapeza Amang'anja akupota ulusi ndi kuomba nsalu. Angoni, amene anaoloka Zambezi mu 1835, anabwera ndi zovala zazikopa ndi mikanda, zimene timaziona mpaka lero pa Nc'wala ku Mtenguleni mwezi wa February.

Chimene chinagwetsa chiwondo ndi nsalu ya amalonda. Abisa, Ayao ndi Achikunda ankafika ndi biriwita komanso merikani, nsalu yoyera yopangidwa m'mafakitale a ku America imene inkalowera ku Zanzibar. Ankaisinthanitsa ndi minyanga ya njovu, ndipo nthawi zina ndi anthu amene ankatengedwa ukapolo.

Mu 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo posakhalitsa Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia. Cha m'ma 1905 amwenye oyamba ochokera ku Gujarat anafika kudzera ku Nyasaland n'kutsegula masitolo a nsalu, mchere ndi mikanda. Malonda awowo ndiwo anabala dera limene lero timalitcha Down Shops. Pakhonde la sitolo pankakhala telala ndi makina a Singer, kampani imene Isaac Singer anaiyambitsa ku America mu 1851. Munthu ankagula nsalu mkati, n'kutuluka pakhomo, n'kuyesedwa pomwepo. Mnyamata wophunzira ntchito ankayamba ndi kukoleza makala m'simbi ndi kusokerera mabatani, ndipo lumo ankaligwira patapita nthawi yaitali. Kumamishoni monga Magwero, imene inatsegulidwa mu 1899, atsikana ankaphunzira singano ndi ulusi. Nawonso amuna obwerera kuchokera ku Halale ndi ku Joni, amene zinawayendera bwino, ankafika ndi njinga kapena makina osokera.

Nanga chitenje chinachokera kuti? Gwero lake ndi chilumba cha Java ku Indonesia, kumene amayi ankajambula maluwa pansalu ndi phula lotentha asanaiviike mu utoto, kuti pamene pali phula utoto usalowe. Anthu a ku Netherlands anafuna kuchita zomwezo ndi makina. Fakitale ya ku Helmond, imene inayamba mu 1846 ndipo lero imatchedwa Vlisco, inatchuka ndi nsalu zoterezi. Ku Java sizinayende malonda kwenikweni, koma kumadzulo kwa Africa anazilandira ndi manja awiri, ndipo m'kupita kwa zaka zinafalikira ku Congo mpaka kuno.

Ufulu utabwera mu 1964, boma linafuna kuti nsalu izipangidwa konkuno. Kafue Textiles inatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo Mulungushi Textiles ya ku Kabwe, yomangidwa ndi thandizo la China, inatsatira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Kutsidya kwa malire a Mwami, David Whitehead and Sons inayamba ntchito ku Blantyre mu 1967. Zinali zaka zabwino kwa matelala. Zovala zakunja zinali zosowa, choncho mphunzitsi kapena kalaliki wofuna suti yonga ya a Kaunda, ya manja aafupi yosafuna tayi, ankapita kwa telala basi.

Zinthu zinatembenuka chipani cha MMD chitalowa m'boma mu 1991 n'kutsegula malire a malonda. Mabelo a salaula anadzaza misika ya Kapata ndi Saturday Market, ndipo shati yovalidwa kale ku Ulaya inatsika mtengo kuposa nsalu yosasoka. Mafakitale anayamba kudzandira. Kafue Textiles inatseka, Mulungushi nayo n'kuimitsa makina mu 2007. Matelala ena anasiya ntchito, koma ambiri anasintha njira. Anayamba kuchepetsa mabuluku a salaula, kusintha mazipi ndi kusoka mayunifomu a sukulu. Koposa zonse anagwiritsitsa chimene belo silingabweretse: chovala cha chitenje chosokedwa molingana ndi thupi la mwiniwake. Paukwati, pa Kulamba ku Mkaika mwezi wa August, pamsonkhano wa amayi a Chigwirizano, pamene gulu lonse lifuna kuvala zofanana, telala amachezera usiku.

Lero pali makina amagetsi othamanga, pali ovaloko yomanga m'mphepete mwa nsalu kuti isayoyoke, ndipo m'matauni aakulu muli makina opeta oyendetsedwa ndi kompyuta. Miyeso imatumizidwa pa WhatsApp, chikole n'kulipiridwa pa Airtel Money kapena MTN, chovala n'kukwera basi ya ku Lusaka. Komabe chithunzi cha pafoni sichionetsa kumbuyo kwa diresi, ndipo sichinena mmene nsalu anaidulira. Telala ndiye amayala chitenje patebulo, n'kuchitembenuza uku ndi uku ali ndi choko m'manja, kufuna kuti duwa lalikulu likhale pachifuwa ndiponso kuti mizere ikumane pamsoko. Akalakwitsa kamodzi ndi lumo, nsalu ya mwini yapita. Chilala cha 2024 chinaphunzitsanso china. Madzi atachepa ku Kariba magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo amene anasunga makina opalasa ndi phazi ndi simbi yamakala ndiwo anapitiriza ntchito.

Ku Mfuwe kuli chitsanzo cha mmene manja ndi zamakono zingayendere limodzi. Tribal Textiles, imene inayamba mu 1991, imajambula pansalu ndi phala la ufa, kuiyanika padzuwa, kupaka utoto ndi manja, kenako kuchapa n'kupala phalalo kuti mizere yoyera ioneke. Nsaluzo zimagulidwa ndi alendo odzaona nyama ku South Luangwa komanso pa intaneti.

Chotsalira ndi chimodzi. Chigawo cha Kum'mawa ndi chimodzi mwa zigawo zolima thonje lambiri m'Zambia, ndipo ku Chipata kuli makina ochotsa njere. Koma thonje lochuluka limatuluka m'dziko lisanapotedwe, pamene chitenje chambiri cha pamsika chimachokera ku China, India, Tanzania ndi Congo. Kuyambira 2022, pamene ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kufika K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, achinyamata ali ndi mwayi wolipiriridwa maphunziro a ntchito zamanja. Makhansala ndi aphungu athu aonetsetse kuti ana a mu Nabvutika, Mchini ndi Kapata akupindula nawo, ndipo afunse boma kuti thonje la ku Chipata lidzayamba liti kusanduka nsalu konkuno.